Ntchitoyo itengeni achemwali, koma za dzinazo musakhulupirire pakamwa

Achemwali, mawu oti "dzina lanu lidzakhalapo pa pepa" nanenso ndinauzidwa, kutanthauza pepa yosindikizidwa ya zotsatira za kafukufuku, n'chifukwa chake ndikulemba izi mtima uli m'mwamba. Mwanena kuti gulu la ofufuza akunja likufuna muwathandize kuyesa pulogalamu ya pafoni kwa alimi a mpunga ku Nkhotakota, chabwino, koma lonjezo la ulembilo musalivinire msanga.

Ine zinandionekera konkuno ku Salima, Covid isanafike. Gulu lina la ofufuza akunja linabwera ndi pulogalamu yomalizidwa kale kwawo, ya pa smartphone, yoti amayi ogula usipa ku Senga Bay aziona mitengo ya ku Lilongwe asanakweze katundu pa lole. Titangofika pagombe zinaonekeratu kuti sizitheka. Amayi ambiri ali ndi kafoni ka mabatani, ena foni ndi ya bambo, imapita nawo panyanja usiku kokakoka chilimira. Manja amakhala onyowa, mamba okhaokha, galasi la foni silimva chala. Dzuwa la pamchenga likawomba suonanso zolembedwazo. Titayesa njira ya USSD, ija ya nyenyezi ndi manambala ngati ya Airtel Money kapena Mpamba, nthawi inkatha mayi asanamalize kuwerenga, n'kuyambiranso, mpaka kutaya mtima. Ndine ndinkakhala ndi amayiwo pamthunzi wa thandala, ndine ndinaona kuti aliyense, ngakhale agogo osadziwa kuwerenga, amatha kufulasha. Ndinauza mkulu wa gululo kuti mayi azingofulasha nambala, makina amuimbire, amve mitengo ndi mawu a munthu, m'Chichewa kapena m'Chiyao. Mafunso ndinakonzanso ndine. Zokambirana zonse ndinazimvetsera, kuzilemba ndi kuzimasulira ndekha usiku, magetsi atazima. Imelo yonena kuti ndidzakhala mmodzi mwa alembi ndinali nayo, ndipo ndikadali nayo.

Atapita anangoti zii. Ndikafunsa, yankho linali loti tikusanthula zomwe tapeza, tikuuzani.

Tsiku lina ndili pa Kamuzu Road kudikira minibasi ya ku Chipoka, mnzanga wa ku sukulu ananditumizira linki pa WhatsApp, akuti kodi awa si amayi a kwanu? Ndinatsegula. Chithunzi choyamba chinali cha manja a mayi atagwira kafoni kakuda pamwamba pa usipa woyanika, chibangiri chofiira padzanja. Chithunzicho ndinajambula ndine, ndimakumbukira kuti mayiyo anandiuza ndidikire apukute kaye manja pachitenje. Mutu wa pepayo unali wa nzeru yofulasha ija. Ndinawerenga mayina a alembi kuyambira loyamba mpaka lomaliza, n'kubwereranso, mwina maso andinamiza. Onse akunja, kupatula bwana mmodzi wa pa yunivesite ina yakonkuno amene mchenga wa ku Senga Bay sanaupondepo, anangosaina makalata ali mu ofesi. Kuti nditsegule pepa yonse, tsambalo linkafuna madola. Mnzangayo ndiye anandipezera, bandulo n'kuthera pakati, ndinachita kukagula ina pa kontena. Kumapeto kwenikweni, m'tizilembo ting'onoting'ono, munali mzere wothokoza "otithandiza a kuderako". Opanda dzina. Minibasi inadzaza n'kunyamuka ine nditakhala pa benchi la wogulitsa mandasi, miyendo itazizira, kondakitala akundikuwira, osamumva n'komwe.

Nditalemba kufunsa, mkulu uja anandiyankha mwaulemu wa pakamwa, akuti mlembi ndi amene walemba nawo pepayo, ine sindinalembe. Ndikanalemba bwanji poti sanandionetse ngakhale tsamba limodzi? Malamulo a ICMJE, komiti ya akonzi a ma journal (magazini osindikiza kafukufuku) a zachipatala, omwe ma journal ambiri a zaumoyo amatsatira ndipo ena amatengerako, amanena kuti munthu amene wathandiza kwambiri kukonza kafukufuku kapena kusonkhanitsa ndi kusanthula zopezeka ayenera kupatsidwa mpata wolemba nawo, kuunika ndi kuvomereza pepayo. Sungamutsekere kunja n'kumati sanalowe. Bwana wakuno uja ndiye anandipweteka koposa. Anandiimbira kuti mwana wanga usaphe ubale, anthuwa adzabweranso ndi pulojekiti ina. Iye dzina linatuluka, CV yake inanenepa, ine ndikhale chete chifukwa alawansi ndinalandira. Alawansi inali ya thukuta la tsikulo, osati ya nzeru zanga.

Ndipo si ine ndekha amene anandidyera masuku pamutu. Ndalama za pulojekiti zitatha nambala ija inazimitsidwa osatsanzika aliyense. Mpaka lero ndikapita kogula nsomba, amayi aja amandifunsa kuti achimwene, foni yathu ija inafera kuti? Iwo amadziwa nkhope yanga, alembi aja sawadziwa.

Chomwe chimandiwawa n'choti anthu a HCI, ofufuza za momwe anthu amagwiritsira ntchito makompyuta ndi mafoni, amadzitcha oika munthu patsogolo popanga zipangizo, ndipo vutoli amalidziwa okha. Mu 2021 Sebastian Linxen ndi anzake anaunika mapepa a CHI, msonkhano wawo waukulu womwe unayamba mu 1982, wokonzedwa ndi ACM, bungwe la akatswiri a makompyuta, n'kupeza kuti 73 peresenti ya zopezeka inachokera kwa anthu a mayiko a azungu, omwe sakwana 12 peresenti ya anthu a padziko lonse. Ndiye kuti nkhani zathu akuzifuna kwambiri. Pepa yokamba za mlimi wa ku Bua kapena msodzi wa ku Chia imaoneka yatsopano kwa ma reviewer awo, anthu ounika mapepa asanasindikizidwe. Inuyo achemwali muli ndi chinthu chomwe iwo alibe, musadzione ngati akukuchitirani chifundo. Ndipo zimatheka kuchita bwino. Pepa ya bungwe la Baobab Health la kuno ku Malawi yonena za makompyuta okhudza pagalasi m'zipatala za ma ARV, yomwe inatuluka mu PLoS Medicine mu 2010, ili ndi Gerry Douglas patsogolo, koma Amalawi Oliver Gadabu ndi Soyapi Mumba mayina awo ali pomwepo pamwamba, osati m'munsi mwa zothokoza.

Ndiye chitani izi. Auzeni alembe, asaine, kuti mudzakhala mlembi ndiponso kuti mudzaona pepa iliyonse isanatumizidwe. Ndikudziwa kuti ine imelo sinandipulumutse, komabe lembetsani, ndipo musalekere pa imelo. Dzina lanu lilowe mu protocol, chikalata chofotokoza dongosolo la kafukufukuyo, yomwe akapereke kopempha chilolezo, kaya ndi ku komiti ya NCST (bungwe la boma la sayansi ndi luso) yoona kafukufuku wa za chikhalidwe cha anthu, kaya ku komiti ya NHSRC ngati zikukhudza zaumoyo. Likhale ngati co-investigator, wofufuza mnzawo, osati enumerator, wongofunsa mafunso. Akakana kukuonetsani protocol, mwadziwa kale mtundu wa anthu omwe mukuchita nawo. Tsegulani ORCID, nambala yozindikiritsa wofufuza pa mapepa ake, lero lomwe, ndi yaulere. Afunseni ngati adzagwiritse ntchito CRediT, ndondomeko yomwe imagawa ntchito za kafukufuku m'magawo 14, kuti zioneke kuti wakonza njira ndani, wafufuza ndani, wasamala data ndani. Nzeru iliyonse yomwe mwabweretsa muitumize pa imelo tsiku lomwelo, ena a m'gululo aikidwe pa kope, musamangoinena m'galimoto pobwerera ku lodge.

Mwafunsanso zotulutsa pepa panokha. Chenjerani ndi maimelo aja okutamandani kuti ndinu katswiri, tumizani pepa ituluka sabata yamawa. Amenewo amangofuna madola anu, palibe amene amaiunika, ndipo pepa ikalowa mmenemo simungaitumizenso kwina. Jeffrey Beall ankasunga mndandanda wa ma journal oterewa mpaka unatsekedwa mu January 2017, koma pano mutha kuona ngati journal ili mu DOAJ, mndandanda wa ma journal owerenga ulere omwe anaunikidwa, n'kutsatiranso mafunso a pa tsamba la Think Check Submit. Ku CHI amalandira pafupifupi pepa imodzi mwa zinayi zilizonse, ndipo ulendo wake ndi kwacha yathuyi, makamaka chigwetsereni ndi 44 peresenti mu November 2023, ndi wolemetsa. Yambani ndi AfriCHI, msonkhano wa HCI wa mu Africa, womwe unayamba ku Nairobi mu 2016, unachitikanso ku Windhoek mu 2018, ndipo mapepa ake amalowa mu ACM Digital Library momwemo. Kulinso misonkhano ya COMPASS ndi ICTD, komwe nkhani za foni za mabatani ndi za kumudzi sazidabwa. Kuyambira January 2026 ACM yatsegula mapepa ake kuti aliyense aziwerenga ulere, amalipira ndi alembi kapena mayunivesite awo, koma ali ndi ndondomeko yokhululukira ochokera m'mayiko osauka, ndipo amayang'ana komwe kuli corresponding author, mlembi woimirira anzake polumikizana ndi osindikiza. Pamenepo muli ndi mphamvu yokambirana nayo.

Kunena zoona, anthu ngati amenewa ine sindifuna kuwaonanso. Koma inu ntchitoyo musaikane. Popanda kugwirapo ndi gulu lomwe linatulutsapo kale mapepa, kalembedwe kake ndi kayankhidwe ka ma reviewer simudzakaphunzira, ndipo mukakana adzangotenga wina amene sadzafunsa chilichonse. Bwana wakuno amene adzaikidwe pa pulojekitiyo mukhale naye bwino, ngakhale wanga ndi amene anandigulitsa, poti ndi yekhayo angakulankhulireni alembi akamakambirana mayina.

Chinanso, musanayambe kuyenda m'midzi afunseni pamaso pa a ku ofesi ya DC ndi mafumu kuti pulogalamuyo idzakhala m'manja mwa ndani ndalama zikadzatha, ndiponso kuti adzabwera liti kudzauza alimiwo zomwe apeza, m'Chichewa. Yankho lake lilembedwe mu maminitsi. Akakutumizirani kalata ya mgwirizano ndiponyereni ku inbox musanasaine, tiione limodzi ndime ya ulembi ndi ya umwini wa zithunzi ndi mawu ojambulidwa.