Musainole nsonga ya Bear Razorhead imeneyo

Achimwene, mwafunsa ngati mungainole nsonga yakale ya muvi ya mtundu wa Bear Razorhead imene yayamba dzimbiri. Musainole ndipo musaikhule ndi tupa. Ingoipukutani ndi kansalu kothira mafuta a makina pang'ono, dzimbiri lisapitirire, kenako muisunge pouma.

Osonkhanitsa nsonga za mivi zakale amafuna penti yake yoyambirira ndi maonekedwe amene inatuluka nawo kufakitale. Ndinaonapo ina yonoledwa mpaka mbee, ogula onse anaikana. Zinandiwawa.

Kampani yopanga mauta ndi mivi ya Fred Bear, ku Grayling m'boma la Michigan ku America, inayamba kugulitsa Razorhead mu 1956, ndipo inapanga zambirimbiri, motero si iliyonse imene ili yodula. Zoyambirira ndizo zimasowa. Musanagulitse, tumizani zithunzi za mbali zonse kwa akatswiri a American Broadhead Collectors Club, gulu la osonkhanitsa nsonga za mivi, akuuzeni chaka chake.