Kodi mitsempha "imanyamula" uthenga?

Funso: Ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale. Ndikanena kuti "mitsempha imanyamula uthenga kupita ku ubongo", ophunzira ambiri amaganiza kuti uthengawo umayendera limodzi ndi magazi. Kodi ndizinena bwanji?

Yankho: Ophunzira anu sakulakwa kumva choncho, pakuti m'Chichewa mawu akuti mtsempha amatchula njira ya magazi, komanso timaulusi toyera tochokera ku ubongo ndi m'kati mwa fupa la msana. Musawasiye okha mawuwo. Nthawi zonse muzinena "mitsempha ya magazi" kapena "mitsempha ya uthenga", ngakhale chiganizo chitalike.

Koma chimene chikusokoneza kwambiri ndi mneni amene mwasankha. Kunyamula kumafuna katundu wochoka pano n'kukatulidwa uko, pamene m'mitsempha ya uthenga mulibe chinthu choyenda ulendo wonsewo. Selo la mtsempha wotere lili ndi tinthambi tolandirira uthenga ndi ulusi umodzi wotumizira, umene ukhoza kutalika pafupifupi mita imodzi, kuchokera kumunsi kwa msana mpaka kuphazi. Selolo likadzidzimutsidwa, timabowo ta pakhungu lake timatseguka, mchere wotchedwa sodiyamu umalowa, kenako wina wotchedwa potaziyamu umatuluka, ndipo kusintha kwa mphamvu ya magetsi pamalopo kumatsegula timabowo totsatira. Asayansi awiri, Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley, ndiwo anafotokoza bwino zimenezi mu 1952. Zimafanana ndi moto wa tchire: palibe udzu umene umathamanga, koma uliwonse umayatsa woyandikana nawo. M'mitsempha yokutidwa ndi mafuta, liwiro la uthengawo limafika mamita 120 pa sekondi.

Kumapeto kwa ulusiwo, nthawi zambiri selo silikhudzana ndi linzake. Pamakhala kampata kakang'ono zedi, ndipo loyamba limatulutsa timankhwala timene timawoloka kampatako n'kukadzidzimutsa lotsatira. N'chifukwa chake ine ndimakonda mneni wakuti kupatsirana, amene amaonetsa kuti ochita ntchitoyi ndi ambiri ndipo aliyense ali pamalo pake. Kunena kuti uthenga "umadutsa" m'mtsempha sikulakwa, koma "kunyamula" kusiyireni magazi, amene amatengadi mpweya ndi chakudya kupita nazo ku ziwalo.

Pa bolodi mukhoza kulemba kuti: "Munthu akaponda minga, maselo a mitsempha ya uthenga amapatsirana uthengawo kuchokera kuphazi mpaka m'kati mwa fupa la msana, ndipo mwendo umadzuka ubongo usanazindikire ululu."