Bampa ikafika ili mbuu timatani?

Achimwene mwafunsa kuti ife oitanitsa magalimoto kunja timapanga bwanji galimoto ikafika bampa itasuluka penti, kaya timagulitsa choncho kapena timapentetsa yonse. Nkhaniyi ndimaitenga siliyasi chifukwa kasitomala asanatsegule boneti diso lake limayamba lagwera pa bampa, ikakhala mbuu basi wayamba kale kukugwetsani mtengo ngakhale injini ili bwinobwino.

Zimayambira pogula pomwe. Za ku Japan zambiri zimakhala ndi auction sheet, pepala la ku okushoni lofotokoza mmene galimoto ilili, pamakhala chojambula cha galimoto ndi timalemba, A1 ndi kukalika pang'ono, A3 kukalika kwambiri, U ndi denti, W ndiye kuti panakonzedwapo kale, XX anachita kusintha. Muziwerenga zimenezo osangodalira zithunzi, galimoto yojambulidwa pamthunzi kapena itangotsukidwa imaoneka yonyezimira. Ndiye ikatsika sitima musathamangire kuikonza konko. Ine ndinapangapo zimenezo, ndinapolishitsa galimoto isananyamuke, pofika nayo bampa yakutsogolo inali madonthomadontho ndi timiyala ta mumsewu, kuphatikiza fumbi ndi dzuwa la masiku omwe inakhala pa boda kudikira mapepala, ndalama ija inangolowa m'madzi. Panopa ndimayamba ndaifikitsa kaye.

Ikafika ndimaitsuka ndi sopo wa galimoto kenako ndimathira madzi pa bampapo nkuyang'anitsitsa. Kala ikabwerera pamene panyowapo ndiye kuti dzuwa langowononga pamwamba pa clear coat, kavanishi kaja kamakhala pamwamba pa penti, imeneyo imadzuka ndithu. Koma mukaona zoyerayera zikusendeka ngati khungu la njoka, mukakanda ndi chikhadabo zikunyotsoka, pamenepo polishi palibe chomwe angachite, clear coat yatha, nkupentanso basi.

Yodzukayo ndimatenga rubbing compound, mankhwala okwechesera penti, pa kansalu kofewa nkumapaka kagawo kakang'ono kaye, pamthunzi, bampa itazizira. Mumaona pompo kala ikutuluka pakati pa mbuu uja ngati mwapukuta galasi. Pokakala kwambiri ndimayamba ndi sandipepa wa 2000 kapena 3000 wonyika m'madzi, mopepuka dzanja, kenako compound, polishi, nkumaliza ndi wax kuti dzuwa lisayambirenso msanga. Apa ndiye chenjerani ndi mashini opolishira, bampa ndi pulasitiki, simwaza kutentha ngati chitsulo, ndiye mukaimika mashini malo amodzi penti imapsa nthawi yomweyo makamaka m'makona momwe ndi yopyapyala. Kansalu kakayamba kutenga kala ya galimoto siyani, mwina mwaboola clear coat kapena penti yakeyo inalibe kale clear coat.

Mabampa akuda osapenta aja, okakala ngati a mapikapu ena, ndi nkhani ina. Amenewo satuwa penti, ndi pulasitiki yeniyeniyo yapsa ndi dzuwa. Anthu amapaka oilo kapena mankhwala owalitsira matayala, tsiku limenelo imada bii, mvula ikangogwa kawiri yabwerera mwakale ndipo wogula uja amakuimbirani foni atakwiya. Ena amawotcha ndi heat gun, kamakina kopemerera mpweya wotentha, imadadi koma sizikhalitsa ndipo mukabwereza bwereza pulasitiki imauma nkuyamba kusweka. Ine zimenezi sindipanga, kumeneko nkumunamiza munthu yemwe mawa akanakubweretserani m'bale wake. Gulani trim restorer, mankhwala obwezeretsa kala ya pulasitiki, kapena dayi wa pulasitiki, tsukani bwino mafuta onse achoke, iume, ndiye muzipaka.

Ikafuna kupenta, musangouza wopenta kuti yoyera kapena silva. Mupatseni nambala ya penti, pa Toyota imakhala pa kachikwangwani ka pakhomo la dalaivala kapena mu boneti polembedwa C/TR, mwachitsanzo 040 ndi yoyera wamba, 070 ndi pearl, yoyera yonyezimira, 1F7 silva, 202 yakuda. Pearl ndi yovuta kufananiza, imadutsa magawo atatu, ndiye mukamagula galimoto ya 070 ya bampa yosendeka muwerengeretu zimenezo. Komanso bodi nayo yakhala padzuwa zaka, penti ya nambala yolondola itha kuoneka yowala kuposa fenda, wodziwa ntchito amayamba wapopera pa kachidutswa nkuyerekeza panja masana.

Mumufunsenso ngati ali ndi plastic primer, mankhwala opopera poyamba kuti penti igwire pa pulasitiki. Mukachotsa bampa nthawi zambiri muona kumbuyo kwake adinda PP, mtundu wa pulasitikiyo, pulasitiki imeneyi penti siigwira payokha, akangopopera popanda primer yake pakatha miyezi yochepa imayamba kusupuka, mwinanso potsuka ndi madzi a pulesha. Ndipo ngati munapakapo kale zowalitsa zija za silicone muuzeni achotse bwino, apo bii penti imatuluka timaenje ngati maso a nsomba.

Pogulitsa ine ndimanena poyera kuti bampa iyi ndapolisha, iyi ndapentetsa, auction sheet nayi onani. Pa galimoto yanu yoyambayo ikafika tsukani, thirani madzi pa bampa, mujambule ili yonyowa komanso itauma munditumizire, ndikuuzani ngati ili ya compound kapena ya kwa opopera.