Achemwali a ku Nanjiri, musanasaine za mundawo tamvani zomwe zinachitika kwathu

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati atsibweni anu akufuna kugulitsa munda wa agogo, maekala asanu cha ku Nanjiri, kwa kampani yodula mapuloti, ndipo mukufunsa ngati n'kwanzeru kuvomera poti tauni yafika kale pakhomo ndipo oyandikana nanu agulitsa. Ndaona ambiri akuyankhani kuti gulitsani msanga mitengo isanatsike. Ine ndikuyankhani ngati munthu amene mudzi wake unamezedwa kale ndi mzinda womwewu wa Lilongwe, kungoti ife ndi a kumadzulo, msewu wa ku Mchinji.

Ndiyambe ndi kuvomera chinthu chimodzi. Anthu akusowadi pokhala. Kalembera wa 1977 anapeza anthu osakwana 100,000 mu mzinda wa Lilongwe, koma wa 2018 anapeza 989,318, ndipo chiyambire pamenepo anthu sanasiye kubadwa kapena kubwera. Amene akugula mapulotiwo si adani athu ayi. Ndi aphunzitsi, anamwino, madalaivala, anthu otopa ndi lendi ya ku Area 25 ndi ku Kawale amene akufuna kuti ana awo adzakhale ndi pawopawo. Mzinda sungaime. Chimene chimandipweteka ine n'chakuti pa malonda amenewa, mwini nthaka ndi amene amatuluka ali wosauka kuposa onse.

Kwathu zinayamba ndi madobadoba. Ankabwera Loweruka pa galimoto, n'kumacheza ndi atsibweni pansi pa mtengo wa mango, mayi ndi azakhali ali kudimba. Ife tinadzamva nkhani itapsa kale, amfumu atadinda kale chidindo. Ndalama anati azipereka pang'onopang'ono. Gawo loyamba linabwera, ndipo kunena zoona m'mudzi munali chisangalalo: malata anakwera pa nyumba zitatu, msuweni wanga anagula njinga yamoto ya kabaza, ana anapita kusukulu ndi nsapato. Gawo lachiwiri linachedwa chaka chathunthu. Lomaliza linafika kwacha itagwa kale kawiri, mu Meyi 2022 ndi mu Novembala 2023 pamene inatsika ndi 44 peresenti, ndiye ndalama imene pa tsiku logwirizana ikanagula munda wina ku Dowa inangokwanira feteleza ndi ngongole. Mapuloti omwewo kampani inkawagulitsa pa mtengo watsopano, koma ife inatilipira pa mtengo wakale.

Lero msuweni wanga uja ndi mlonda pa geti ya nyumba imene yamangidwa pomwe tinkalima mtedza. Njinga inawonongeka kalekale. Azakhali, amene nkhokwe yawo sinkatha chimanga mpaka Febuluwale, amagula chimanga pa chigoba ndi ndalama ya ganyu wotungira madzi amisiri omanga. Sindikunena izi kuti ndinyoze ntchito ya ulonda kapena ganyu. Ndikunena chifukwa anthu amenewa anali ndi chakudya chawo, ndipo palibe amene anawawerengera kuti kudya kwa zaka makumi awiri zikubwerazi kudzawadyera ndalama zingati.

Ndiye pali zinthu zina zimene sizilembedwa pa pepala la malonda, koma zimapita limodzi ndi mundawo. Choyamba kupita ndi njira. Wogula aliyense amayamba ndi mpanda wa njerwa, nyumba isanayambe n'komwe, ndipo kanjira kamene ana ankadutsa popita kusukulu, kamene amayi ankadzera popita kumjigo ndi kuchigayo, mumangodzuka m'mawa katsekedwa. Mayi anga, ndi miyendo yawo yovuta ija, amazungulira mtunda wowirikiza kuti akafike kutchalitchi chomwe amachiona ali pakhonde. Kenako msipu umatha. Mbuzi ikalowa pa puloti ya munthu ndi mlandu, ndiye anthu amagulitsa ziweto, ndipo ngolo za ng'ombe zimene zinkatithandiza pa matenda ndi pokolola zinatha m'mudzi mwathu.

Manda ndiye nkhani imene imandiliza. Msitu wa kumanda kwathu unali waukulu, mitengo yake yachilengedwe yoti munthu sungaikumbatire, ndipo mukudziwa kuti kwa ife Achewa kumeneko n'kumenenso kuli dambwe. Panopa mipanda yaupanikiza mbali zonse. Malo oika maliro atsala pang'ono kutha, obwera akudandaula za ng'oma usiku, gule akatuluka amadutsa pakati pa magalimoto. Obwerawo sindikuwaimba mlandu, anagula malo mwachilungamo ndipo sanauzidwe kuti pali chiyani. Koma mudzi umene sungathe kuika anthu ake pafupi ndi makolo awo watsala dzina lokha, ngakhale amfumu akhalepo ndi chidindo chawo.

Tsopano za dambo, ndipo apa ndikupemphani mumvetsere bwino chifukwa mwatchula kuti mundawo umatsikira kumadzi. Pamene likulu linkasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, bungwe la Capital City Development Corporation, lomwe linakhazikitsidwa mu 1968, linatsata pulani ya mzinda wokhala ndi mitengo ndi malo opanda nyumba pakati pa madera. M'mbali mwa mitsinje ya Lingadzi ndi Lilongwe anasiyamo dala. Nkhalango ya Nature Sanctuary, pakati pa Old Town ndi City Centre, ndi chotsalira cha maganizo amenewo. Pulani imeneyo inali ndi zolakwa zake, midzi inasamutsidwa ndipo osauka anakankhidwira kutali ndi ntchito, koma pa nkhani ya madambo anaona patali. Dambo limamwa madzi a mvula n'kumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. N'chifukwa chake zitsime zathu sizinkaphwa, n'chifukwa chake tinkadya mpiru ndi chimanga chachiwisi mu Okutobala. Mukalithira dothi n'kumangapo, pamwamba ponse pakhala malata ndi simenti, madzi aja amasowa kolowera ndipo amathamangira kwa amene ali kumunsi. Amene anali ku Mtandire mu Febuluwale 2017, Lingadzi atasefukira n'kupha anthu, sangafune kukumbutsidwa. Abale athu a ku Chilobwe anaona zoopsa kuposa pamenepo mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche lomwe nyumba zinali zitakwera mpaka m'mwamba.

Kwathu dambo linagulitsidwa pomaliza, motchipa, poti ankati ndi malo onyowa opanda ntchito. Oumba njerwa anayamba ndi iwo kulikumba, maenje ake alipo mpaka lero ndipo nthawi ya dzinja timaopera ana. Mauvuni anadya mitengo yonse ya m'mbali mwa mtsinje, mango omwe. Amchenga anabwera ndi malole. Chitsime chimene chinamwetsa agogo anga moyo wawo wonse chimauma mu Ogasiti, ndipo madzi ake sitikuwakhulupiriranso chifukwa zimbudzi zazungulira ponseponse. Boma linaletsa njerwa zootcha pa zomanga zikuluzikulu mu 2018, koma nyumba za anthu wamba zikumangidwabe ndi zomwezo, ndipo nkhuni ndi makala a mzinda uno mbali yaikulu zimachokera ku Dzalanyama, komwe kumayambira mtsinje wa Lilongwe umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde. Zinafika poti asilikali anachita kutumizidwa kukalondera nkhalangoyo. Pano tikudikira madzi ochokera kunyanja ku Salima, mtunda woposa makilomita 100, pamene madambo a pakhomo tikuwakwirira tokha.

Wina m'gulu muno wanena kuti kunja anthu saletsedwa kumanga. Si zoona. Mzinda wa London unazunguliridwa ndi malo a minda ndi nkhalango amene lamulo limawateteza kuyambira mu 1938, ndipo kumanga kumeneko n'kovuta kwambiri. Nawonso amakangana, achinyamata amati lamulolo likukweza mitengo ya nyumba, ndipo boma lawo layamba kumasula zigawo zina. Koma amakangana pa bwalo, mapu ali patebulo, asanadule. Ife timayamba kudula, kukangana kumabwera madzi atalowa m'nyumba.

Ndiye mutani? Choyamba, atsibweni ndi mwini mbumba, koma kukhala mwini mbumba ndi kusunga, si kukhala mwini munda. Kwathu kuno munda umayenda ndi mbumba, ndiye mayi anu, azichemwali awo ndi inu ana aakazi ndi amene mudzasowe polima. Itanitsani msonkhano wa banja lonse, a kutauni ndi a ku Joni omwe alankhule pa foni, ndipo pasakhale kusaina kulikonse mpaka aliyense wamva mtengo ndi kagawidwe kake. Muwalankhule atsibweni mwaulemu, mwina nawonso apanikizika ndi mavuto amene sanakuuzeni. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a za malo pa gulupu aliyense, a anthu asanu ndi mmodzi osankhidwa ndi mudzi kuphatikiza agulupu ngati wapampando, ndipo osachepera atatu ayenera kukhala amayi. Lamuloli linakonzedwanso mu 2022, choncho pitani nokha ku ofesi ya za malo kwa DC mukafunse zimene likulola pa malo ngati anuwo. Musadalire zimene akuuzeni dobadoba, iye amadya pa malonda akatheka basi.

Kampaniyo muifunse pulani ya mapuloti yovomerezedwa ndi khonsolo. Muone ndi maso anu pomwe padutse msewu, ngalande, ndi njira ya kumanda ndi kumjigo. Ikakana kuonetsa, dziwani kuti idzadula mpaka pakhonde panu. Za kulipira pang'onopang'ono muzikane, ndalama ibwere yonse kubanki tsiku losaina, pamaso pa mboni za mbali zonse, ndipo pepala lililonse mukhale ndi lanu. Malire muyende nawo limodzi poika mabikoni, chifukwa kwathu ekala imodzi inakula usiku.

Ngati banja lagwirizana zogulitsa, musagulitse wonse, ndipo musagulitse musanapeze kolowera. Pezani kaye munda wina, muuone, mulankhule ndi amfumu a kumeneko, mudziwe kuti kumeneko mukakhala obwera ndipo malo akutali nawonso akwera mtengo. Ganiziraninso zodula nokha. Mabanja ena oyandikana nafe anaitana wopima malo, anasiya msewu, n'kugulitsa mapuloti awiri okha. Ndalamayo anamangira nyumba zalendi pa gawo lina, kwinako akulimabe, ndipo ndi okhawo m'dera lathu amene kubwera kwa tauni kwawapindulira. Gawo la kudambo lokha musaligulitse pa mtengo uliwonse. Masamba a kudimba msika wake ndi anthu omwe akubwerawo, tomato ndi mpiru mudzagulitsira pakhomo, ndipo mudzatetezanso amene ali kumunsi kwanu.

Ife tinapulumutsa kachigawo kamodzi kokha, pomwe pali nyumba ya mayi ndi mitengo inayi ya mango, chifukwa mayi anakhala pansi pa bwalo la amfumu n'kukana kudzuka mpaka malire atabwezedwa. Tili mkati molembetsa kuti kakhale ndi chikalata m'dzina lawo. Mundiuze ngati mayi anu ali moyo komanso ngati manda a kwanu ali mkati mwa maekala asanuwo kapena kunja, ndikufotokozereni mmene ife tinayendera ku maofesi.