Tifunseni: Kodi amayi anga angakwanitse kulowa mu Antelope Canyon?

Zikomo akonzi. Ine ndimagwira ntchito ya unamwino kuno ku Indiana, ndiye amayi abwera kuchokera ku Dedza kudzationa, akhala nafe mpaka Okutobala. Adzukulu awo anawaonetsa pa foni zithunzi za Antelope Canyon, miyala yofiira yokhotakhota ija, basi amayi akuti sabwerera kumudzi asanaione ndi maso awo. Vuto ndi loti ali ndi zaka 68 ndipo mawondo amawavuta. Tingangopita pa galimoto yathu n'kukalowa tokha? Nanga tipite mwezi uti?

Mayi wa ana awiri, Indiana

Achemwali, nkhani yolowa nokhayo iwalani kaye. Malo amenewa ali pafupi ndi tauni ya Page ku Arizona koma nthakayo ndi ya a Navajo, umodzi mwa mitundu ya eni nthaka a ku Amerika, omwe amadzitchula okha kuti Diné, ndipo ali ndi boma lawo lomwe likulu lake lili ku Window Rock, dziko lawo n'lalikulu pafupifupi ma sikweya kilomita 71,000, kuposa theka la Malawi. Chiyambire 1997 aliyense amalowa ndi wotsogolera wovomerezeka ndi a Navajo basi, ndipo khadi lolowera m'malo osungirako zachilengedwe (ma national park) a boma la Amerika siligwira ntchito kumeneko. Mwa ine lamuloli ndi labwino, munthu sungangolowa pakhomo pa eni ake osaodira.

Palinso chifukwa china choopsa. Mpata wopapatizawu anausema ndi madzi osefukira, ndipo madziwo amabwerabe. Pa 12 Ogasiti 1997 alendo 11 anafera mu Lower Antelope, chigawo chakumunsi cha mpatawu, pamalopo mvula inali isanagwe yoti n'kudetsa nkhawa, inagwa kumtunda kutali makilomita angapo, madzi n'kutsika ndi matope ndi miyala kudzawapeza mkatimo opanda kothawira. Ndiye wotsogolera akanena kuti lero sitilowa musakangane naye ngakhale kumwamba kuli mbee, amadziwa zomwe akunena. Mvula zamabinguzi zimachuluka kuyambira Julayi mpaka Seputembala, mukasankha nthawi imeneyo muike tsiku lina lapadera poopa kuti ulendo ungalephereke.

Tsopano za mawondo a amayi, apa mpamene pagona nkhani. Malowa ali pawiri. Upper, yomwe eni ake amati Tsé bighánílíní, kutanthauza pamene madzi amadutsa m'miyala, ndi yotakasuka pansi n'kumapanikizika kumwamba, mumapita pa galimoto la kampani m'khwawa la mchenga n'kukalowa poyenda pamchenga wosalala popanda kutsika makwerero. Lower ndi yopanikizika pansi, mumatsika pa masitepe achitsulo otsetsereka kwambiri ndipo pena mumachita kuyenda chammbali kuti mudutse, amayi musawatengere kumeneko chonde, asiyireni anawo. Koma ngakhale Upper, masiku ano anthu amatulukira mbali ina n'kuzungulira pamwamba pomwe pali masitepe ndi kachitunda padzuwa, ndiye musanalipire imbani foni kukampaniyo muwauze zaka za amayi ndi vuto lawo, akuuzeni zoona zake. Ndikanakhala ine ndikanayamba kuwayendetsa amayi mphindi 20 madzulo aliwonse kuti miyendo izolowere.

Kuwala kuja kumatsika ngati chingwe choyera kuchokera kumwamba kumaoneka mu Upper dzuwa likakhala paliwombo, cha m'ma 11 koloko mpaka 1 koloko, kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Okutobala. Nthawi imeneyi aliyense amailimbirana, matikiti ake amatha msanga komanso amakwera mtengo, bukitsani pa intaneti kudakali miyezi musadikire sabata yomaliza. Kwa amayi ine ndingasankhe kumapeto kwa Seputembala, kutentha kwa m'chipululu kumakhala kutayamba kuchepa. Ndipo musadandaule mukapeza malo a m'mawa okha, miyalayo imasinthabe mtundu kuchoka kofiira kupita kwa chikasu, mukaigwira mchenga wosalala ngati ufa umatsalira m'manja.

Chinthu chomwe chimasokoneza anthu ambiri ndi wotchi. Arizona sakankhira wotchi kutsogolo ndi ola limodzi m'chilimwe pomwe dziko la a Navajo ndi dera loyandikana nalo la Utah amatero, ndiye foni imatha kudumpha ola limodzi yokha muli pamsewu. Makampani ambiri amatsata nthawi ya Page, ifunseni bwinobwino n'kuikonza pamanja, mukachedwa galimoto silidikira. Kuchokera ku Las Vegas kapena Phoenix ndi maola anayi ndi theka pa galimoto, fikani dzulo lake mugone ku Page, amayi apume.

Zikwama zambiri salola kulowa nazo, tengani botolo la madzi, chipewa, nsapato zotseka ndi kansalu kophimba kukamwa chifukwa mchenga umagwa kuchokera pamwamba kukachita mphepo. Mowa ndi woletsedwa pa dziko la a Navajo, osalemba pa miyala, osatola kanthu, ndipo musanajambule munthu mupemphe kaye. Wotsogolera wanu mum'patseko kangachepe pomaliza, ndipo amayi muwaphunzitse moni wawo woti Yá'át'ééh, akafike akupereka moni monga amachitira akafika pamudzi pa eni.