Pepala la konsati ya Tchaikovsky: bwanji tsiku likusiyana ndi la m'mabuku?

Mayi wina wokhala ku London wandilembera imelo. Akuti m'sitolo ya zinthu zakale wapeza chipepala cholengeza konsati ya Tchaikovsky, katswiri wopeka nyimbo wa ku Russia, ku St Petersburg mu 1893, chomwe Arasha amachitcha afisha. Chamudodometsa ndi tsiku. Papepalapo palembedwa 16 Okutobala, pomwe mabuku amati konsatiyo, pomwe nyimbo yake ya Symphony No. 6 inaimbidwa koyamba, inachitika pa 28 Okutobala. Funso lake ndi loti, kodi wogulitsayo akufuna kumudyera masuku pamutu?

Mayi, tsikulo lisakudetseni nkhawa. Nthawi imeneyo dziko la Russia linkatsata kalendala yakale ya Julius, yomwe m'zaka za m'ma 1800 inkatsalira ndi masiku 12 poyerekeza ndi kalendala yathu ya masiku ano. Anaisiya mu 1918, pamene anthu anagona pa 31 Januwale n'kudzuka pa 14 Febuluwale. Ndiye 16 kuwonjezera 12 ndi 28, tsiku ndi lomwelo. Pakanalembedwa 28, ndikanati bwezani ndalama m'chikwama. Usiku wa konsatiyo Tchaikovsky anatsogolera yekha oimba, ndipo patangotha masiku 9 anamwalira. N'chifukwa chake pepala la konsatiyi anthu amalifuna kwambiri, ndipo okopera nawonso amalikonda.

Yang'ananinso zilembo. Kalembedwe ka Chirasha kasanasinthidwe mu 1918, mawu ambiri ankathera ndi kachilembo aka ъ, kosatchulidwa n'komwe, komanso munkapezeka ѣ ndi і. Dzina la mzinda liyenera kuoneka ngati С.-Петербургъ, ndi ka ъ kumapetoko. Mukaona Petrograd, limenelo ndi dzina la kuyambira 1914, pomwe Leningrad ndi la 1924.

Komatu zonsezi zimangogwira wakuba waulesi. Wochenjera amajambula pepala lenileni n'kusindikiza, ndipo tsiku ndi zilembo zimatuluka zolondola. Ine zinandionekerapo. Ndinagula pepala lachikasu bwino, m'mbali mwake mong'ambika mokhutiritsa, ndinalionetsa kwa aliyense wobwera kwathu. Tsiku lina ndinaliyang'ana ndi galasi lokulitsa zinthu, ndipo chilembo chilichonse chinali timadontho tating'onoting'ono ta makina a masiku ano. Ngakhale mikwingwirima ya popinda inali yojambula, chala chikadutsapo pali see! Makina akale ankadinda zilembo zachitsulo kapena zamtengo papepala, moti inki imakhala yodzaza, ndipo kawirikawiri kumbuyo mumamva timatumphu pomwe chilembo chinakanikiza. Pemphani wogulitsayo kuti alichotse pepalalo mu felemu, mulitembenuze. Akakana, tsanzikani.

Funsaninso kuti linachokera kwa yani, ndipo linatuluka liti ku Russia, popeza kutulutsa zinthu zakale m'dzikolo kumafuna chilolezo cha boma.

Likapezeka lenileni, chonde musalimate m'pulasitiki yotenthetsa ija timatetezera nayo masatifiketi, kapena kuliika selotepi pong'ambika. Pepala la nthawi imeneyo nthawi zambiri limakhala lopyapyala, losindikizidwira usiku umodzi wokha, ndipo dzuwa limalifooketsa msanga. Ligoneni chafulati m'chikwatu cha pepala lopanda asidi, m'chipinda mopanda chinyezi.