Katemera wa chiwewe yekha sateteza kagalu ku matenda otsekula magazi

Achemwali, pepani ndithu ndi tiagalu tanu tiwiri tija. Mwati tinayamba kukana chakudya, kusanza, kenako kutsekula m'mimba mwa magazi onunkha mpaka kufa, chonsecho mayi wake anabayidwa katemera waulere uja. Mwafunsa kuti muchite chiyani pano poti mwatenga kagalu kena ka masabata 7 pamodzi ndi kamphaka.

Zizindikiro mwatchulazo zikufanana kwambiri ndi parvo, matenda opatsirana a m'matumbo a agalu. Katemera amene amabaya pa kampeni, kaya ndi alangizi a ziweto a boma, a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies omwe anayamba ntchito ku Blantyre mu 2015, kapena a bungwe losamalira nyama la LSPCA ku Lilongwe, ndi wa chiwewe basi. Parvo ali ndi wake. Uwu mumaulipira kwa dokotala wa ziweto, ndipo nthawi zambiri umabwera wophatikiza ndi wa distemper (matenda enanso opatsirana a agalu) ndi matenda ena. Jakisoni woyamba ndi pa masabata 6 mpaka 8, ndiye kanuko kakwana kale, musadikire malipiro a mwezi wa mawa. Kenako mumabwereza pakatha masabata 3 kapena 4 aliwonse mpaka kafike masabata 16. Anthu ambiri amabayitsa kamodzi n'kusiya, ndipo apa ndi pamene timataya agalu. Chitetezo chimene kagalu kanayamwa kwa mayi wake chimatha kulepheretsa jakisoni woyambayo kugwira ntchito, n'chifukwa chake womaliza uja ndi wofunika koposa.

Chondidetsa nkhawa ndi bwalo lanu. Kachilombo ka parvo kamakhala m'dothi miyezi yambiri, ngakhale chaka. Ngati kagalu katsopanoka kakugona pomwe pankagona anzake aja, kachotsenipo lero. Masaka akale otchani. Mbale ndi pasimenti tsukani ndi Jik, kapu imodzi m'makapu 30 a madzi, musiye mphindi 10 musanatsukuluze. Sopo wamba sapha kachilomboka. Dothi silitsukika, choncho kagaluko kasungeni pakhonde kapena m'nyumba mpaka katemera athe, ndipo kasamayende mumsewu kununkhiza chimbudzi cha agalu ena.

Wa chiwewe kabayitseni pa miyezi 3, ngakhale kuti kampeni ikafika kwanuko kasanakwane musakabise, amabaya ndithu. Kenako chaka ndi chaka. Mphaka nayenso abayidwe. Ambiri amamuiwala poti amavuta kunyamula. Muikeni m'basiketi yotseka kapena m'katoni yoboola mabowo, osati m'manja, chifukwa akangomva agalu akuuwa pamzere adzakukandani n'kuthawa. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro pa munthu palibenso mankhwala. Madokotala pa chipatala cha Queen Elizabeth anapezapo kuti ana ena amene ankaganiziridwa malungo a mu ubongo anali atamwalira ndi chiwewe. Mwana akalumidwa kapena kukandidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo. Osathira mchere, tsabola kapena ubweya wa galuyo pabala.

Njoka zam'mimba: kagalu kotupa mimba, ubweya uli nyankhalala, kawirikawiri ndi zimenezi. Mankhwala ake mumapereka masabata 2 aliwonse mpaka miyezi 3, kenako mwezi ndi mwezi mpaka miyezi 6, kenako miyezi 3 iliyonse moyo wake wonse. Mlingo umatengera kulemera, choncho kayezetseni pa sikelo. Izi zimatetezanso ana anu osewera padothi.

Nyengo ya mvula ikayandikira nkhupakupa zimachuluka. Muzikapenda m'makutu, pakhosi ndi pakati pa zala. Muzikwezanso mlomo n'kuona nkhama: zikhale zofiirira bwino. Zikayera ngati pepala, galu ali lefu, mkodzo wasanduka wakuda, ndiye kuti matenda a nkhupakupa akumutha magazi, thamangirani naye. Mukaona timatuza tolimba tokhala ndi kabowo pakati, zimenezo ndi mphutsi za ntchentche zoikira mazira padothi lonyowa ndi mkodzo. Pakani Vaseline pakabowopo, mphutsi imasuzumira yokha, ndiye mufinye pang'onopang'ono.

Pa kamphaka ndikupempheni zinthu ziwiri. Musadzakapatse Panado ngakhale theka, paracetamol imapha mphaka. Musakathirenso dipi ya ng'ombe kapena mankhwala a utitiri olembedwa kuti ndi a galu, makamaka okhala ndi permethrin, kamayamba kunjenjemera n'kukomoka. Oyilo wakutha wa galimoto amene ena amapaka galu wa mphere nayenso ayi, amawotcha khungu ndipo galuyo amanyambita. Amphaka alinso ndi katemera wawo wa chimfine ndi matenda a m'matumbo, woyamba pa masabata 8 kapena 9, mufunse pomwe mukabayitse galupo.

Zikafika miyezi 6 ganizirani zofula kapena kutseketsa. Galu wofulidwa salondera mofooka ayi, amangochepetsa kuyendayenda usiku, komwe amakalumana ndi anzake ndi kutengako chotupa chopatsirana pokwerana chimene chimatuluka magazi kumaliseche. Ndipo pomwe mukabayitsepo, onetsetsani kuti botolo latuluka mufiriji kapena m'bokosi lozizira, akulembereni tsiku pakhadi. Galu wanu akadzaluma mwana wa aneba, chinthu choyamba chimene adzakufunseni ndi khadi limenelo.